Jekete ya Nsalu ya Kaiti

4 Meyi

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi Mzime. Ine kuno ndili bwino, kungoti dzuwa landidetsa ngati kunsi kwa poto, moti mukadzandiona mudzafunsa kuti mwana wa yani ameneyu. Ndalemba kalata chifukwa foni mumadana nayo, ndiponso kuno imagwira ikafuna. Makalata amayenda ndi galimoto yobweretsa katundu Lachisanu lililonse, ndiye ndikachedwa kuyankha mudziwe kuti tayala laphulika.

Mwakhala mukufunsa kuti ntchito yeniyeni imene ndikugwira kuno ndi yotani. Bambo, ndine telala ngati inu nomwe, kusiyana kwake n'kwakuti makasitomala anga alibe chiuno. Alendo amabwera kuno kudzasewera pamadzi. Munthu amaima pa kathabwa, n'kudzimangirira ndi zingwe ku kaiti yaikulu ngati denga la shopu yathu, mphepo n'kumamukoka pamwamba pa mafunde. Ena amakwera matabwa okhala ndi thanga, ena amangopalasa timabwato. Kaiti ikagwera pamiyala imang'ambika, ndiye imabwera patebulo panga. Ndimaitsuka mchere, kuiyanika, kumata pong'ambikapo, kenako n'kudutsapo ndi msoko wa zigizagi kawiri. Mukanaona mmene mzere wanga ukuwongokera masiku ano, mukanapepesa chifukwa cha rula ija munkandigogoda nayo zala.

Malo ake ndi a zii. Msewu ndi umodzi, mashopu atatu, ndi nyumba zogona alendo zoyang'ana kunyanja. Chodabwitsa n'chakuti madzi amachoka kawiri pa tsiku. Amapita kutali ndithu, kusiya mchenga wonyowa ndi tinkhanu, kenako n'kubwerera okha popanda wowaitana. Ndikamaona zimenezi ndimati Bambo akanati ndikunama. Zaka makumi anayi mwakhala pamakina kuyang'ana khoma lomwe lija, kusokera anthu zovala za paulendo, inu osapita kulikonse. Nyanja yamchere munangoiona pa kalendala.

Ndiye ndaganiza kuti mubwere mudzaione ndi maso anu. Mudzabwere mu Okutobala, mphepo ikaleka. Kuyambira mwezi uno mpaka Sepitembala ndimasowa ndi mpata wokanda m'mutu womwe, koma mu Okutobala alendo amatha, madzi amagona phee, ndipo abwana avomera kale kudzatipatsa chipinda cha khonde loyang'ana kugombe.

Kuno kumawomba, choncho ndikufuna kukusokerani jekete ya zidutswa za kaiti, zofiira ndi zachikasu, kuti musadzandisowe pagulu. Mzime akuyezeni, munditumizire. Miyezo yanu ndimaidziwa pamtima, koma ndikadula nsalu ndisanayeze mudzandikumbutsa mpaka ndidzakalambe.

Ndine mwana wanu,
Kasingano


19 Meyi

Kasingano mwana wanga,

Kalata yako yafika. Ndaiwerenga kawiri, kachitatu wandiwerengera Mzime chifukwa ndimafuna kumva ndi khutu za madzi othawa aja. Ife kuno tilipo. Shopu ikuyenda pang'onopang'ono, ndikumatsegula mochedwa n'kutseka msanga. Makina akulira bwino, ndinasintha lamba mwezi watha.

Za makasitomala opanda chiunowo ndaseka mpaka kutsokomola. Uli ndi mwayi. Anga akadali omwe aja, munthu kubwera ndi mimba ngati mgolo n'kumati ndimusokere thalauza la saizi ya tsiku la ukwati wake.

Ulendowo ndaulandira ndi manja awiri. Koma ndifunseko, kodi Okutobala si kutali? Bwanji nditabwera mwezi wamawa, kapena mu Julayi? Mphepo ine sindiiopa, ndipo chipinda cha khondecho sindikuchifuna. Ndikhoza kugona pansi pa tebulo lako, paja ndinagonapo pansi pa langa zaka ziwiri ndisanakwatire amayi ako. Ndidzakhala pakona phee, ndizidzakulowetsera ulusi pasingano. Uganizepo, mwana wanga.

Mzime wandiyeza dzulo, ine nditaima njo ngati msilikali. Khosi 14 ndi theka. Chifuwa 37. Chiuno 31. Mkono 24. Usoke monga talemberamu.

Uzidya, ndipo uzivala chipewa.

Bambo ako


2 Juni

Mzime mng'ono wanga,

Uli bwanji, nanga ana ako a sukulu akukusiyirako tsitsi m'mutu? Ine ndili bwino, koma wandisekesa mpaka ndinadzibaya ndi singano. Zaka zonsezi kukulira m'shopu ya telala, tepi osadziwa kogwira? Aphunzitsi a masamu athunthu! Chifuwa 37, ameneyo ndi Bambo kapena unayeza mwana wa m'kalasi mwako? Bambo athu chifuwa ndi 44, khosi 17, chiuno 40, ndipo apo amakhala atabweza mimba. Ndawasokera malaya asanu ndi limodzi ndi manja angawa. Walondola mkono wokha, mwina mwangozi. Ndikuganiza unatenga tepi yakale ija yofufuka manambala, Bambo nawo ndi maso awo aja sanaone. Usadandaule, ndadula kale potsata miyezo ya m'mutu mwanga, ndipo sindiuza munthu kusukulu kwanu.

Za Julayi uwauze bwinobwino kuti sizingatheke. Mzime, ukanaona. Mphepo yafika ndi ukali, kumwamba kumangoti mbwee makaiti, ndipo pamene ndikulemba pano pakona pali khumi ndi anayi ong'ambika, aliyense mwini wake akufuna mawa m'mawa. Mlendo amene wabwera masiku asanu okha sangamve zoti adikire. Ndimadya nditaimirira. Bambo abwere ulendo wa masiku awiri pabasi kudzaona msana wanga? Ayi. Ulendo wawo woyamba m'moyo ndikufuna udzakhale wabwino, ndidzayende nawo pagombe popanda wondiitana. Miyezi inayi si kanthu, adikira zaka makumi anayi.

Undiuzeko nkhani za kumeneko. Mkulu wa njinga yamoto uja akubwerabe kudzasoketsa mabatani amene amathothola yekha? Umuuze kuti malaya atha, angonena chimene akufuna.

Mkulu wako


15 Juni

Achemwali,

Moni. Ife tilipo. Ndasangalala kumva kuti mukuseka.

Tepi inali yatsopano, ndinagula ndine. Ndinayeza kawiri.

Zoti Okutobala ndawauza. Anangoti chabwino, n'kubwerera pamakina, koma makinawo sindinawamve akulira tsiku lonselo.

Achemwali, ndikukupemphani chinthu chimodzi. Bwerani kunyumba, angakhale masiku atatu okha. Makaitiwo si anthu, sadzafa mukawasiya. Ngati simungathe, aloleni Bambo abwere mu Julayi monga anapemphera. Musandifunse zambiri, pali zinthu zimene sindingathe kulemba. Ndatopa, achemwali. Ndikumadzuka kusanache, ndikumathamanga pa nthawi yopuma kubwera kunyumba n'kubwereranso kusukulu, ndipo nyumba ino yandikulira ndekha.

Wa njinga yamoto ndinamuuza kuti ayambe wadikira. Panopa ndilibe nthawi ya zimenezo.

Chonde muwerengenso kalata ya Bambo ija.

Mzime


1 Julayi

Mzime,

Moni nawenso. Kalata yako ndaiwerenga, ndipo zimene sunathe kulembazo ndazimva. Watopa kusunga Bambo, ukufuna kuyamba moyo wako, ndipo ukuona ngati ine ndikudyerera kuno miyendo ili m'madzi. Zikanakhala bwino ukanangonena mosapita m'mbali, osati kundizunguliza ndi nkhani ya tepi.

Zandipweteka, sindikubisira. Amayi atatisiya ndinakhala m'shopu muja zaka zisanu ndi ziwiri, iwe uli kukoleji. Ndinkaphika, ndinkachapa, ndinkapinda masiketi a anthu mpaka maso kuwawa, ndipo sindinalemberepo munthu kuti ndatopa. Ntchito ino ndi chinthu choyamba chimene ndinganene kuti ndi changa. Ndikachoka pakati pa nyengo, abwana apeza wina Lolemba lomwelo. Iwe zaka ziwiri zokha, nyumba yakukulira kale?

Pirira miyezi itatu. Mu Okutobala ndidzawasunga mwezi wathunthu, iwe upume, ukwere njinga yamoto mpaka mafuta athe.

Kalata ya Bambo ndaiwerenganso monga unanenera. Ndaonamo munthu wachikulire amene wasangalala ndi ulendo ndipo akulephera kudikira ngati mwana. Palibe chachilendo.

Jekete ndamaliza, ili m'phukusili. Ndaika zipi yolimba ndi matumba awiri a m'kati. Uwauze andilembere ngati apeza polakwika, ngakhale ndikudziwa kuti apeza.

Mkulu wako


4 Ogasiti

Kasingano,

Moni mwana wanga. Pepa ndachedwa kuyankha, dzanja likumachita ulesi. Mzime akupereka moni, ngakhale sananene ndi pakamwa. Sindikudziwa kuti munalemberana zotani, koma kalata yako anaiwerengera kubafa madzi akutuluka pampopi. Musamatero, ana inu, mulipo awiri okha.

Jekete yafika. Ndi ntchito yabwino, ndipo panopa ikundikwana ngati ndinabadwa nayo. Ndinavala kupita kogula ulusi, msewu wonse unaima. Wometa uja anandifunsa ngati ndalowa ntchito yoimitsa magalimoto.

Tsopano umve. Ndagula tikiti. Ndinyamuka pa 15 mwezi uno, ndifika kumeneko pa 16 masana. Sindikupempha, ndikukudziwitsa. Ndine bambo ako, ndipo kamodzi kokha m'moyo ndikufuna kuchita mwano. Mzime sangandiperekeze, akuyang'anira mayeso. Usakonze chilichonse, usapemphe tchuthi. Mphepo imene yakulanda mwana wanga ndikufuna ndiione ili pantchito, osati itagona.

Udzandichingamire pamene basi imathera.

Bambo ako


15 Ogasiti

Achemwali,

Ndangobwera kumene kowakweza basi. Kalatayi ifika Bambo atafika kale, choncho lonjezo langa latha, ndikhoza kulemba.

Bambo akudwala khansa ya m'mimba. Adokotala anatiuza mu Epulo kuti yafalikira, opaleshoni singathandize, ndipo tiziwerenga miyezi osati zaka. Tikutuluka m'chipatala anandigwira dzanja n'kundilumbiritsa kuti ndisakuuzeni. Ankati mukamva musiya ntchito tsiku lomwelo n'kubwerera kudzayang'ana khoma lija, ndipo iwo anakudyerani kale zaka zisanu ndi ziwiri, safuna kuwonjezera.

Tsiku loyeza lija ndinawachonderera ndikulira kuti andilole ndikuuzeni. Pomaliza anati, "Lemba manambala enieni. Uja ndi telala, akawaona adziwa. Akadziwa yekha, ndiye kuti ine sindinamuuze." Masabata awiri tinkangotchera khutu ku geti, kuganiza kuti mutulukira ndi chikwama. M'malo mwake inafika kalata yondiseka. Ndinawawerengera. Anaseka nawo, n'kunena kuti malaya analidi asanu ndi limodzi, kenako anapita kukagona masana.

Jekete yanu inawalowa ngati thumba la chimanga. Anakhala masiku anayi akuibweza, kusoka pang'ono n'kupuma, ndipo anakana kuti ndiwathandize kupalasa makina.

Za mawu anu aja sindiyankha lero. Ndilibe mphamvu.

Mankhwala ali m'thumba la m'kati lakumanzere. Oyera amwe maola anayi aliwonse, musadikire kuti apemphe chifukwa sapempha. Chakudya ndi masipuni atatu kapena anayi a supu, musawakakamize. Akamati akufuna kuona panja, ndiye kuti akufuna kusanza, muwapatse beseni n'kuyang'ana kumbali.

Bambo ndakubwerekani kwa sabata imodzi. Mayeso akutha pa 22, ine ndinyamuka pa 23 kudzawatenga. Mundisungire.

Mzime


17 Ogasiti

Mzime mng'ono wanga,

Ndakuimbira katatu pa foni ya ku ofesi, sunayankhe. Sindikukuimba mlandu. Dalaivala wa basi wavomera kundiponyera kalatayi m'tauni, ndiye ndikulemba mothamanga.

Dzulo ndinapita kokachingamira ulusi uli m'tsitsi, mtima uli pa kaiti imene ndinaisiya pamakina. Basi inaima, anthu anatsika. Ndinaona jekete yanga ikutsika pamasitepe pang'onopang'ono, koma munthu amene anali m'katimo sindinamudziwe. Kamunthu kowonda, khosi ngati la nkhuku, chipewa chitalowa mpaka m'makutu. Mzime, ndinatsala pang'ono kukuwa kuti wakuba. Ndiye kamunthuko kanandiyang'ana n'kunena kuti, "Kasingano, msoko wa paphewa lamanja unakhota pang'ono." Ndinakhala pansi pafumbi pomwepo, iwo n'kumandiuza kuti ndidzuke ndikuwachititsa manyazi.

Chikwama chawo ndinanyamula ndi chala chimodzi. Mtunda wa mphindi zisanu tinapuma katatu, ulendo uliwonse ankati akufuna kuona bwino malo.

Ndinawagoneka pabedi panga, anagona nthawi yomweyo. Ndinatenga jekete ija n'kuitembenuza. Inawakwana bwino kwambiri, ndipo ine ndinasoka ya munthu wa 44. Mwina sudziwa izi chifukwa sunkakhalitsa m'shopu. Bambo akamabweza chovala sadula nsalu yotsalayo. Amaipinda m'kati n'kuisiya, ati munthu amanenepanso, adzabwera kudzamasula. Achitira zimenezi nkhalamba, achitira odwala, sindinawaonepo akudula ngakhale kamodzi. Mzime, pa jekete iyi anadula. Mbali zonse ziwiri, mpaka pamsoko penipeni.

Atadzuka anandipeza nayo m'manja. Anangoimirira atagwira tebulo, n'kutambasula manja, amvekere, "Tenga tepi." Nditayamba kuwayeza anati, "Werenga mokweza, ine sindimva zonong'ona." Ndinati chifuwa 35. Anati, "Ehe. Ndiye mng'ono wako amadziwa masamu kapena ayi?"

Anandiuza zonse. Ndinafuna kupita kwa abwana nthawi yomweyo kukasiya ntchito, anandikaniza, ati sanayende masiku awiri kudzaona lova.

Mzime, unandiuza kawiri ndipo kawiri konse ndinakunyoza. Manambala anali pamaso panga, ine telala, ndinasankha kukhulupirira mutu wanga. Zimene ndinakulembera mu Julayi ndikanatha ndikanazimeza ndi envulopu yomwe. Pepa. Bwera msanga mayeso akatha, ndikuopa.

Mkulu wako


9 Okutobala

Mzime,

Ndikhulupirira uli bwino ndipo sukulu ikuyenda. Pamaliro sunafune kuti tilankhule, ndipo nditayesa kukufotokozera za masiku aja unanyamuka kukatsuka makapu otsukatsuka kale. Sindinakutsatire. Koma masikuwo ndi akonso, sindingawasunge ndekha, ndiye ndalemba. Ukafuna ung'ambe.

Kalata yako ya pa 15 inafika Lachisanu, Bambo atakhala kuno masiku atatu. Za beseni ndinali nditaphunzira kale mochedwa. Zina zonse ndinatsata monga unalembera.

Anakana kugona masana. Ndinawaikira mpando pakhomo la chipinda chosokera, pamene munthu amaona makina mbali ino, nyanja mbali inayo. Ulusi ankalowetsadi pasingano, ndi manja okha, osayang'ana. Kasitomala aliyense ankayamba wafunsidwa kuti anang'amba bwanji, ndipo mlendo wina wamtali anamulangiza kwa mphindi khumi za kusamala zinthu, chinenero osamvana, mlendoyo akungogwedeza mutu.

Tsiku lachiwiri anati ndiwaperekeze akaone bodza langa lija. Madzi anali atapita kutali. Tinakhala pamchenga, anavula nsapato n'kulemba mzere ndi chala patsogolo pa mapazi awo, ati aone ngati afike. Tinadikira ola ndi theka. Makaiti anayi ankandidikira patebulo ndipo kumwamba sikunagwe. Madzi atafika n'kuwanyowetsa mapazi, analawa ndi chala, n'kunena kuti, "Wathira mchere ameneyu alibe dzanja." Kenako analira pang'ono, ine ndinayang'ana kumbali.

Tsiku lachinayi mphunzitsi wa makaiti, amene timamutcha Mchere chifukwa cha tsitsi lake, anabweretsa kakaiti kakang'ono kophunzirira. Anagwada kumbuyo kwa mpando n'kuwagwiritsa ndodo yowongolera, manja ake pamwamba pa awo. Kaitiyo inali yodzaza ndi zigamba zanga. Inakwera, inapita uku ndi uku, Bambo akuseka chikhakhali, akukuwa kuti, "Ikukoka! Iwe, ikukoka!" Atatopa anandiuza kuti, "Msoko wako ukugwira mphepo. Wanga unkangogwira mimba za anthu." Sanandiyamikirepo choncho chibadwire.

Za iwe ankalankhula tsiku lililonse. Ankati supu yanga ndi madzi otsukira mbale poyerekeza ndi yako. Pa 21 ndinawauza kuti kwatsala masiku awiri Mzime anyamuke. Iwo anati, "Mwana uja wandisambitsa ngati khanda, wanditawira, wandinyamula. Waona zokwanira. Zotsalazi asaone." Sindinamvetse bwino, kapena mwina sindinafune. Panopa ndikuganiza kuti anadziwa asanagule tikiti kuti sabwerera.

Pa 22 m'mawa anamwa tiyi pang'ono, anavala jekete, ndinawakhazika pampando paja. Mphepo inali itayamba, makaiti oyamba akukwera. Ndinkasoka, iwo akuyang'ana kunja. Ulusi unaduka, ndinatambasula dzanja chakumbuyo kuti andipatse singano ina, ndipo palibe chinabwera. Sanabuule, sanaitane. Zotsatira ukuzidziwa, ndinakuuza pafoni uli pakhomo la chipinda cha mayeso.

Mphepo inaleka sabata yatha. Alendo apita, madzi agona phee, zonse monga ndinkalonjezera. Abwana abwera ndi kiyi wa chipinda cha khonde chija, ati lonjezo ndi lonjezo. Ndinalowamo kamodzi, ndinaona mabedi awiri oyala bwino, ndinatuluka. Miyezi itatu imene akanakhala pampando paja ndinaisinthanitsa ndi chipinda chimenechi.

Bwera udzapume kuno, angakhale sabata imodzi. Ndikusonyeza pamene anakhala. Undiyankhe, ngakhale ndi mawu okalipa.

Mkulu wako


24 Okutobala

Achemwali,

Moni. Ndilipo. Kalata sindinang'ambe. Ndaiwerenga kambiri, makamaka pamene pali kaiti. Miyezi isanu sindinawamve akuseka chikhakhali, ndiye zikomo pondiuza, ngakhale zikundiwawa kuti ndinamvera papepala.

Akuti ndinaona zokwanira. Sanandifunse. Inu anakubisirani matenda kuti musavutike, ine anandibisira imfa kuti ndisavutike, ndipo onse awiri tavutika. Ndimawakwiyira, ndimakukwiyirani, kenako ndimapezeka ndaphika supu ya masipuni anayi.

Kumeneko sindibwera chaka chino. Sindingathe kuyang'ana madzi amene analandira masiku abwino asanu ndi limodzi, pamene ine ndinalandira mabeseni. Mwina chaka china.

Dzulo ndinatsegula shopu koyamba. Pakhoma pali zovala zisanu ndi zinayi zimene Bambo anadula koma sanasoke, chilichonse chili ndi kapepala ka dzina pa phini. Eni ake sakufunsa, amangodutsa pakhomo pang'onopang'ono n'kundipatsa moni. Pali diresi la mwana wa wometa uja, ukwati wake ndi mu Disembala. Ine kusoka sindidziwa. Ndinakhala pampando wa Bambo mpaka madzulo, osadziwa poyambira.

Mphepo yaleka, mwanena nokha. Bwerani mudzamalize zovalazi, mukatha mudzabwerere ku ntchito yanu, palibe adzakugwireni mwendo. Bedi lanu ndayala. M'nyumba muno usiku ndimaopa, ndipo ndikukusowani, achemwali. Ulendo uno ndanena poyera, chifukwa wondiletsa palibenso.

Mzime